ZA GALIMOTO: Injini ikamanjenjemera ndi eyakoni, musayambire kugula kompuresa

Dzuwa la Okutobala ndi Novembala silinyengerera munthu. Amene mumakapikula nsomba ku Mangochi kapena mpunga ku Karonga mukulidziwa bwino, ndipo ndi nyengo imeneyi pamene aliyense amakumbukira kuti galimoto yake ili ndi eyakoni.

Dandaulo la ambiri ndi limodzi. Pamsewu galimoto ikuthamanga bwinobwino, koma mukangoima pa maloboti kapena pamndandanda wa pa mlatho wa Lilongwe eyakoni ili yoyaka, injini iyamba kunjenjemera ngati yagwidwa malungo, mwinanso nkuzimiratu. Mukapita ku galaja, wina asanatsegule nkomwe boneti wanena kale: "Bwana, kompuresa yatha iyi." Chonde musatulutse msanga ndalama za mpamba. Nthawi zambiri eyakoni siyolakwa. Imangoulula matenda amene injini inali nawo kale.

Nkhani yake ili chonchi. Kompuresa ya eyakoni imazunguzidwa ndi lamba wochokera ku injini. Mukadina batani mumamva kuti "thwa", ndiye kuti kompuresa yagwira, ndipo injini yasenzetsedwa katundu wina. Pa liwiro injini siimva kanthu chifukwa mphamvu ndi zambiri. Koma pa aidilingi, pamene mwendo suli pa akiseleta, ili ngati wakabaza amene akupalasa pang'onopang'ono, wina nkumuikira thumba la chimanga pa kaliyala mosamuchenjeza. Akapanda kuwonjezera mphamvu, agwa basi.

Opanga galimoto anaziganizira zimenezi. Anaikamo njira yoti eyakoni ikayaka, injini ilandire mpweya ndi petulo woonjezera pang'ono. Pa galimoto zing'onozing'ono zambiri, injini ikatentha muvi wa marevu umakhala cha pa 650 mpaka 800. Mukayatsa eyakoni umagwa pang'ono kwa kanthawi, kenaka nkubwerera kapena kukwera cha ku 800 kapena 900. Zikatero palibe vuto. Koma ukatsikira ku 500 nkukhazikika komweko, pali chimene chikulephera ntchito.

Musaitenge ngati nkhani ya kutentha ndi kuzizira chabe. Injini ikazima pamene mukuchepetsa liwiro, buleki imalimba mukaponda kawiri katatu, ndipo pa galimoto zambiri chiwongolero chimaumanso. Ganizirani zimenezo zikuchitikirani pa mtsetse, mutadzaza matumba a mbatata, kutsogolo kuli anthu akuwoloka msewu.

Tsono yambani nokha, kwaulere. Injini itenthe, galimoto ikhale pa nyutulo kapena pa P, handibuleki mutakoka. Musayatse eyakoni kaye. Yatsani nyali zonse ndi fani ya m'kati, muone muvi. Ukagwa ngakhale kompuresa isanagwire, vuto lili ku injini kapena ku magetsi, kompuresa muisiye. Ukakhala nji, nkudzagwa pokhapokha eyakoni yayaka, pamenepo mbali ya eyakoni nayo iunikidwe. Ndipo ngati muvi uli pamalo pake koma galimoto yonse ikugwedezeka, onetsetsani mamauntingi, mphira zija zimagwira injini. Zikang'ambika, kunjenjemera konse kumafika pa mpando.

Wokayikiridwa woyamba ndi fumbi. Misewu yathu ya kumisika ya kumidzi mukuidziwa. Tsegulani eyakilina muone sefa yake. Ikakhala yakuda bii, injini ikupuma ngati munthu wa chimfine. Kuchoka apo pali khomo limene mpweya umalowera mu injini, amakaniko amati throttle body. Pa aidilingi khomo limeneli limakhala pafupifupi lotseka, mpweya umadutsa pa kampata kakang'ono zedi. Fumbi likasakanikirana ndi nthunzi ya oyilo limapanga phula lakuda lotseka kampatako. Injini payokha imakwanitsabe, koma katundu wa eyakoni akabwera imabanika. Mankhwala opopera otsukira kabureta ndi kansanza koyera zimachiritsa galimoto zambiri pamenepa.

Mtundu wa galimoto yanu nawo ndi wofunika. Ma Corolla ndi ma Hiace a petulo akale ndithu, okhala ndi waya wochokera ku akiseleta koma opanda kabureta, ali ndi kavalavu kowongolera aidilingi pambali pa khomo lija. Ndi kameneka kamene kompyuta ya galimoto imakatsegula eyakoni ikayaka. Kakamatirira ndi litsiro sikasuntha. Katsukidwe kaye, kugula kena kubwere pambuyo. Pa galimoto za kabureta, monga mapikapu akale, ntchitoyi imagwiridwa ndi kachitini kokhala ndi mphira m'kati, kamene kamakokedwa ndi mpweya kudzera m'timapayipi. Kapayipi kamodzi kakathetheka kapena kuvuka, aidilingi siikwera.

Galimoto zatsopanopo zilibe waya, khomo limatsegulidwa ndi kamota ka magetsi. Apa chenjerani. Mukatsuka, kapena mukachotsa batire, kompyuta imafunika kuphunziranso aidilingi. Ma Toyota ambiri amadziphunzirira okha mukawasiya akulira kwa mphindi zingapo ndi kuyendako pang'ono, koma ma Nissan ambiri amafuna ndondomeko yake kapena makina a dayagonosisi. Makaniko amene sadziwa zimenezi adzakuuzani kuti kompyuta yapsa.

Kenaka mapulagi. Pulagi yotopa imayatsa bwino katundu akakhala wochepa, koma akachuluka imayamba kuphonya. Mvetseraninso ngati pali kaphokoso ka "tsiii" pa mapayipi a mphira, chifukwa mpweya wolowera pa mng'alu umasokoneza muyezo wa petulo.

Magetsi musawaiwale. Eyakoni ikayaka, mafani a kutsogolo ndi ya m'kati zimakoka moto nthawi imodzi, ndipo alitaneta imalemera kuizunguza. Pemphani wamagetsi ayeze pa batire injini ikulira. Mita isonyeze mavoti a pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikatsikira ku 12, alitaneta kapena lamba wake ali ndi mlandu. Mitu ya batire yochita dzimbiri loyera itsukidwe ndi kumangidwa bwino.

Zonsezi zikakhala bwino, tsopano tiyang'ane eyakoni yeniyeniyo. Yatsani, mutsegule boneti, muone ngati fani ya kutsogolo ikuzungulira, koma manja ndi chitenje zikhale kutali. Kutsogolo kwa redieta kuli kondensa, imene imataya kutentha kwa gasi. Pa liwiro mphepo imaiziziritsa yokha, koma mukaima imadalira fani. Fani ikafa, kapena kondensa ikatsekeka ndi matope ndi udzu, gasi amathina kwambiri ndipo kompuresa imalemera ngati mtondo. Nthawi zina wolakwa amangokhala fyuzi.

China ndi gasi wopyola muyezo. Ena odzaza gasi amaganiza kuti kuchulutsa ndiye kuzizira. Ayi ndithu. Pansi pa boneti pamakhala kachikalata konena mtundu wa gasi ndi magalamu ake. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zopangidwa kuyambira cha m'ma 1994 zimagwiritsa ntchito R134a, pamene zakale kuposa apo zinkagwiritsa R12. Wodzazayo atsate chimene chalembedwa, ndipo akhale ndi mageji ndi sikelo. Wongoyeza ndi dzanja pa payipi mumuthawe.

Kompuresa imafa ndithu, sitikukana. Koma ikamafa imanena: imalira mokukuta, lamba amalira "kwiii" kapena kununkha mphira wopsa ikangogwira. Mukamva zimenezo zimitsani eyakoni pompo, chifukwa pa galimoto zambiri lamba yemweyo amazunguzanso alitaneta ndi pampu ya madzi. Akaduka muli pakati pa Salima ndi Nkhotakota, nsomba zanu zidzaolera pamsewu.

A ma Aqua ndi ma Prius, zambiri mwa izi sizikukukhudzani. Kompuresa yanu imayendera magetsi a batire lalikulu, ndipo injini kuzima pa maloboti ndi khalidwe lake. Komanso imafuna oyilo wakewake, musalole aliyense kuthiramo wamba.

Pomaliza, kanani njira ziwiri zachidule. Yoyamba ndi yongopotokola sikuluu kapena kukoka waya kuti aidilingi ikwere. Kunjenjemera kudzatha, koma mudzamwetsa petulo tsiku lonse matenda ali pomwepo, ndipo galimoto ya otomatiki idzayamba kudumpha polowetsa giya. Yachiwiri ndi yodula mawaya a eyakoni. Nthawi ya mvula mudzaifuna kuti ichotse nkhungu pa galasi.

Safunsa anadya phula. Mufunseni makaniko wanu kuti wayeza chiyani asanakutumeni kusitolo, ndipo chitsulo chilichonse chimene wachotsa akupatseni m'manja. Sefa, kutsuka, mapulagi, magetsi, fani, gasi, kompuresa pamapeto. Mpamba ndi wa katundu, si wolipirira zongoganizira za munthu. Tionane sabata yamawa.