Nyali ya njinga yamagetsi isalumikizidwe mwachisawawa

Mapemphero otsekera Sabata akamatha, dzuwa limakhala litalowa, ndipo ambiri timabwerera kunyumba kuli mdima. Masiku ano abale ndi alongo ena amayenda ulendo umenewu pa njinga zamagetsi. Njingazi zimathamanga kuposa zakapalasa, koma zilibe phokoso ngati zamoto. Woyenda pansi sazimva, ndipo woyendetsa galimoto saziona msanga. Mwezi uno tikambirane za nyali ndi mawaya ake, popeza ngozi ya pamsewu ndi moto wa m'nyumba nazonso ndi nkhani za umoyo.

Nyali yodalirika ndi imene imatenga mphamvu ku batire la njingayo, chifukwa simudzaiwala kuitchaja payokha. Musaope kuti ikumalizirani batire. Batire la 36V ndi 10Ah limasunga mphamvu yokwana 360Wh. Nyali ya LED ya 5W ikayaka maola awiri imadya 10Wh yokha, yomwe siikwana magawo atatu pa 100 aliwonse.

Musanagule, werengani nambala yolembedwa pa batire. Njinga zambiri zimayendera 36V kapena 48V. Dziwaninso kuti batire la 36V likadzaza limafika 42V, ndipo la 48V limafika pafupifupi 54.6V. Nyali zambiri za njinga zamoto ndi za 12V, choncho mukailumikiza yotereyi mwachindunji imapsa. Sankhani nyali imene pa bokosi lake alembapo kuti imalandira mphamvu yoposa ya batire lanu litadzaza, monga yolembedwa 12V mpaka 60V. Ngati muli kale ndi ya 12V, ikani pakati kachipangizo kotsitsa mphamvu, kamene m'mashopu amakatchula kuti converter. Njinga zina, monga za injini za Bosch ndi Shimano, zili ndi waya wakewake wa nyali wotulutsa 6V kapena 12V. Zoterozo tsatirani zimene buku lake likunena.

Chachiwiri ndi fyuzi. Batire la lithium lili ndi mphamvu zambiri, ndipo mawaya awiri osendeka akakhudzana amatentha m'kanthawi kochepa mpaka kuyaka. Moto wa batire lotere ndi wovuta kuzimitsa ndipo utsi wake umawononga mapapo. Ambiri timagoneka njinga m'nyumba poopa akuba, pafupi ndi pamene ana agona. Fyuzi yaing'ono ya 2A, yoikidwa pa waya wofiira pafupi ndi batire, imadula magetsi moto usanabuke. Onetsetsani kuti ndi yolembedwa kuti imapirira mphamvu ya batire lanu, chifukwa mafyuzi wamba a galimoto amalekeza pa 32V.

Chachitatu ndi polumikizira. Chizolowezi chopota mawaya n'kukulunga ndi jumbo kapena tepi tichisiye. M'misewu yathu ya mabampu mfundo yotere imamasuka, ndipo mvula ikayamba mu Novembala madzi amalowa n'kuchititsa dzimbiri. Zotsatira zake nyali imathima mwadzidzidzi muli pamtsetse. Gulani mapulagi osalowa madzi, ozungulira, monga a Julet kapena Higo. Ali ndi timivi tiwiri toyenera kuyang'anizana polumikiza. Musakakamize pulagi chifukwa choti ikufanana ndi inzake: werengani timano take, ndipo wokonza ayeze ndi mita kuti adziwe waya uliwonse ukupita kuti. Kawirikawiri wofiira ndi wa + ndipo wakuda ndi wa −, koma si opanga onse amene amatsatira zimenezi. Mapulagi aakulu achikasu a XT60 ndi a waya waukulu wa batire, ndipo asamasulidwemasulidwe pofuna kubapo magetsi a nyali.

Polumikiza, yambani mwachotsa batire. Mangirirani mawaya ku felemu kutali ndi tcheni ndi matayala, ndipo pa handulo siyani waya wokwanira kuti usakokeke pokhota. Kutsogolo kukhale nyali yoyera, kumbuyo yofiira. Yakutsogoloyo muiweramitse pang'ono kuti iunike msewu, osati maso a amene akubwera. Kuthobwa mnzanu m'maso n'kumuika pangozi, ndi inu nomwe.

Walira mvula walira matope. Amene wagula njinga yamagetsi wavomeranso udindo woisamala. Ngati simudziwa za magetsi, lipirani munthu wodziwa, chifukwa ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi ya kuchipatala. Ndipo Lachisanu, pamene mukusita zovala ndi kukonza chakudya cha Sabata, patulani mphindi ziwiri: yatsani nyali zonse ziwiri, gwedezani mawaya muone ngati sizikuphethira, pukutani fumbi pagalasi. Mukapeza vuto, likonzeni dzuwa lisanalowe, kuti mawa lake madzulo mubwerere kwa ana anu muli amoyo ndi athanzi.