ZA PABENCHI: Mwana akalumidwa ku Joni, pasipoti isakumangeni miyendo

 Sabata ino tisiye kaye za misonkho, tikambe za ana.

Masiku ano palibe benchi mumsika yopanda m'bale ku Joni. Ena amangopita kukaoda n'kubwerako, ena anakhazikika konko ndi ana omwe. Tsono taganizani: mwana walumidwa ndi kachirombo usiku, kwacha chikope chatupa ngati mandasi. Mayi ali m'kachipinda ka lendi ku Rosettenville, agogo odziwa zinthu ali ku Ntcheu, masiku a m'pasipoti anatha kalekale. Ambiri amangotseka chitseko n'kumati tione kaye mawa, kuopa kuti kukiliniki akafunsidwa mapepala. Abale, mantha amenewa ndi oopsa kuposa kachirombo kaja.

Kulumidwa kulipo kwa mitundu itatu, ndipo kholo liyenera kudziwa kusiyanitsa.

Koyamba ndi kwa masiku onse: udzudzu, nthata, nsikidzi. Pamatuluka kotupa kofiira, koyabwa. Nsikidzi zimakonda kuluma mondandalika, ngati zikuyenda pamzere. Apa musachite phuma. Tsukani ndi sopo, kulungani ayezi m'kansalu n'kuikapo mphindi 10, pakani calamine, ndipo wengani zikhadabo za mwana chifukwa kukanda n'kumene kumalowetsa majeremusi. Ngati ndi njuchi, palani mbola ija msanga ndi chikhadabo kapena m'mphepete mwa khadi. Ana ang'ono amatupa kwambiri kuposa ife akulu. Dzanja lonse likhoza kufufuma kwa tsiku limodzi kapena awiri, kenaka n'kumaphwa pang'onopang'ono. Ngati mwana akupuma bwino, akudya, akusewera, mtima ukhale m'malo. Panado wa ana amathandiza ululu, koma asipulini ayi ndithu. Mankhwala oletsa kuyabwa monga Allergex, amene ife tinawazolowera kuti Piriton, funsani kaye kufamase ndipo mutchule zaka za mwana. Wosakwana zaka 2 musam'patse popanda mawu a nesi. Paja safunsa anadya phula.

Kachiwiri ndi kofuna kiliniki tsiku lomwelo. Tengani bolopeni mulembe mzere kuzungulira potupa paja. Mukaona kufiira kukudumpha mzere wanu patapita masiku awiri, pakutentha, pakutuluka mafinya, kapena thupi latentha ndipo mwanabele watuluka m'khwapa kaya m'mphechepeche, ndiye kuti majeremusi alowa. Pafunika mankhwala akuchipatala, osati makapisozi otsala a mnzanu wa chipinda chinacho.

Ku South Africa kulinso matenda a nkhupakupa amene ambiri a ife sitiwaganizira. Mwana akasewera m'maudzu kapena ndi agalu, kankhupakupa kochepa ngati njere ya mpiru kamam'mamatira. Pakatha pafupifupi sabata, thupi limatentha, mutu umawawa zedi, ndipo pamene panalumidwa pamakhala kankhanambo kakuda kozunguliridwa ndi kufiira. Funafunani m'tsitsi ndi kuseri kwa makutu, chifukwa kwa ana kamakonda kubisala kumeneko. Matendawa amachizika ndi mankhwala otchedwa doxycycline, koma olemba akhale adokotala. Mukaipeza nkhupakupa idakali pakhungu, igwireni pafupi ndi khungu penipeni n'kuizula mowongoka. Zowotcha ndi machesi kapena kuthira parafini zisiyeni.

Pali chinanso chokhudza inu oyenda pa basi. Mu Johannesburg udzudzu wake sufalitsa malungo monga kwathu kuno. Malungo a dzikolo ali mbali zina za Limpopo, Mpumalanga ndi kumpoto kwa KwaZulu-Natal. Choncho nesi wa mu Joni akhoza osafulumira kuganiza za malungo. Ngati mwana wangochoka kumene kumudzi, wadutsa pa Mwanza, Tete ndi Beitbridge, ndiye watentha thupi, nenani nokha kuti tachokera ku Malawi, muyezeni malungo. Musabise poopa kudziwika kuti ndinu mlendo. Ngakhale mwana amene sanayende akhoza kudwala, poti udzudzu umakwera nawo mabasi ndi mathiraki, kubisala m'zikwama.

Kachitatu ndiye kosadikira ngakhale kuvala nsapato. Mwana walumidwa, makamaka ndi njuchi kapena mavu, ndipo pasanathe mphindi zingapo milomo kaya lilime latupa, mawu asasa, akubanika, akulira m'chifuwa ngati mluzu, zidzolo zabuka thupi lonse, akusanza, wafooka kapena wakomoka. Madokotala amati anaphylaxis, ndipo imapha msanga. Allergex sangathe kanthu apa. Chofunika ndi jakisoni wa adrenaline. Imbani 112 pafoni yam'manja, kapena 10177 ya ambulansi. Mugonekeni chagada miyendo mutaikweza, koma ngati akulephera kupuma akhale tsonga. Asaimirire, asayende. Ambulansi ikachedwa, gwirani galimoto iliyonse mupite kuchipatala chapafupi. Chimodzimodzinso akalumidwa ndi chinkhanira cha mchira wonenepa, kapena kangaude wakuda uja amati button spider, mwana n'kuyamba thukuta ndi kukokana kwa minofu. Palinso nambala ya akatswiri a zapoizoni, 0861 555 777, imene imayankhidwa usana ndi usiku.

Tsopano tifike pa za mapepala, poti n'zimene zikumanga anthu miyendo. Malamulo aakulu a South Africa a 1996, gawo 27, amanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Aliyense, osati nzika zokha. Kuyambira 1994, nthawi ya Nelson Mandela, ana osakwana zaka 6 ndi amayi oyembekezera amathandizidwa ulere m'zipatala za boma, ndipo lamulo la zaumoyo la 2003 linatsindika zomwezo. Zipatala zina zitayamba kulipiritsa alendo, bungwe la SECTION27 linakasuma, ndipo mu Epulo 2023 khoti lalikulu ku Johannesburg linagamula kuti ufulu umenewu ndi wa ana onse osakwana zaka 6, kaya ndi ochokera kuti, kaya mapepala alipo kapena palibe.

Sindikunena kuti zonse n'zofewa ngati nthochi yakupsa. Mu 2025 tinamva za a Operation Dudula akutchinga pazipata za makiliniki, kubweza alendo, mpaka mu Novembala chaka chomwecho khoti linawaletsa kutero. Mwano mungaumve, mzere ungatalike. Koma mwano suphetsa, kuchedwa n'kumene kumaphetsa. Akakubwezani pachipata chimodzi, pitani china. Tengani mnzanu wodziwa Chingerezi kapena Chizulu, nyamulani kabuku ka kusikelo, jambulani potupa paja ndi foni kuti adokotala aone mmene panayambira.

Chomaliza, pothana ndi nsikidzi ndi mphemvu m'zipinda za lendi, musagule timapaketi ta mankhwala topanda dzina ta m'misewu. Mu Okutobala 2024 ana 6 anamwalira ku Naledi, ku Soweto, ndipo boma linapeza kuti chinawapha ndi mankhwala ophera tizirombo otchedwa terbufos, amene anthu amagula mobisa kuti aphere makoswe. Zovala ndi zofunda chapani ndi madzi otentha, matiresi yanikani padzuwa, ndipo neti ija mukuiona yachabe kuno ikalowe nawo m'chikwama.

Inu amene mukukwera basi ya ku Joni sabata ino, pamwamba pa ufa, usipa ndi chambiko onjezaniko tsamba lino. Mukafika pa Park Station mukawapatse alamu anu, alembe manambala aja kuseri kwa chitseko. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tionana sabata yamawa, malonda akuyendereni.