KHASU LISAFIKE PAMADZI: MAWU KWA AKHRISTU ANZANGA



Mvula yatha, nyengo ya madimba yafika, makasu ayambanso kutsikira kumtsinje. Ndili ndi mawu amene ena a inu simuwalandira bwino, koma ndiwanena ndithu: munthu wolima mpaka khasu kukhudza madzi akuba. Akubera mnansi wake wa kumunsi kwa mtsinje, akuberanso ana ake omwe.

Mumati bango, nsenjere, nsungwi ndi mikuyu ya m'mbali mwa mtsinje ndi tchire longodya malo. Tamverani ntchito yake. Mizu yake ndiyo imagwira gombe kuti lisagumuke. Madzi othamanga kuchokera m'minda akafika pa udzuwo amachepa liwiro, nasiya dothi ndi feteleza pomwepo, ena nkulowa pansi. Madzi olowa pansiwo ndiwo amatuluka pang'onopang'ono m'chilimwe, mtsinje nkumayendabe ngakhale dzuwa la Okutobala litafika. Mukazula zonsezi, mvula yoyamba imakokolola dimba lanu lomwelo, mtsinje umadzaza mchenga, m'dzinja umasefukira, ndipo m'chilimwe amayi athu amafukula mchenga ndi mbale kufunafuna madzi akumwa.

Kodi dothilo limathera kuti? La m'mitsinje ngati Rivirivi ndi Lisungwi limathera mu Shire, mtsinje umene uli ndi makina athu a magetsi ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. A EGENCO amawononga ndalama kuchotsa matope pamalo otchingira madzi ku Nkula, ndipo matopewo ndi minda yathu. Mu Januwale 2015 madzi anamiza midzi ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa nthawi yoposa chaka magetsi ankangothimathima. Namondwe sabwera ndi khasu, zimenezo n'zoona. Koma madzi akapeza mapiri ometedwa ndi magombe opanda muzu, amatsika onse nthawi imodzi, atasenza mchenga ndi miyala.

Tsono ndikutsutsa mawu amene timakonda kunena pamaliro a anthu okokoloka ndi madzi, akuti chinali chifuniro cha Mulungu. Tisamusenzetse Mulungu mlandu wa nkhwangwa zathu. Werengani Genesis 2:15. Ntchito zimene munthu anapatsidwa m'munda muja ndi ziwiri, kulima ndi kusunga. Ife tagwira yoyamba, yachiwiri taitaya kudzala. Werenganinso Levitiko 25, mumve mwini nthaka ndani. A mfumu akakulozerani malo, sanakupatseni mtsinje, pakuti mtsinje si wawo. Lamulo lachisanu ndi chitatu sililetsa kuthyola nyumba kokha. Wotumiza mchenga m'munda wa mnzake walanda chakudya cha banja limenelo, ngakhale Lamulungu akhale pampando wa kutsogolo. Tidzayika bwanji tomato wotere patebulo la zopereka za masika?

Mudzati, “Abambo, malo achepa, ana alira njala, chinyontho chili kumtsinje.” Ndikumva. Dimba ndilo ndiwo, ndilo fizi ya ana, ndipo sindikuuza munthu kuti alisiye. Ndikuti libwerere m'mbuyo. Madzi amanyamulika ndi ndowa, amakokedwa ndi mpope, amayenda m'ngalande, koma gombe likagumuka palibe amene angalinyamule kulibwezera. Mizere iwiri ya mpiru imene mukuumirira lero idzakutayitsani dimba lonse mawa. Madzi saiwala khwawa.

Ndipo tisaloze chala mayi wamasiye yekha. Nanga uvuni wa njerwa umene wamaliza mikuyu ya m'khwawa ndi wa yani? Nanga malole otapa mchenga mpaka mlatho kutsala lende ndi a yani? Si a amphawi. Ndi a ife a penshoni, a mabizinezi, ndi ana athu a m'tauni otumiza ndalama zomangira. Ngakhale matchalitchi ena anamangidwa ndi njerwa zootcha ndi mitengo ya kumtsinje, ndipo tinaimba mokondwa tsiku lowatsegulira.

Pempho langa ndi ili. Aliyense wa dimba awerenge mapazi osachepera khumi kuchokera pagombe, pamenepo khasu lisapondepo, ndipo pamtsinje waukulu asiye oposa apa. Bango limere lokha. Mvula ikayamba, mubzalepo nsungwi, vetiva, katope ndi mbawa. Akulu a mpingo anzanga, nkhaniyi ilowe pa seshoni ndi m'milaga, ndipo tipite kwa mafumu tikagwirizane malire. Amayi a Mvano ndi achinyamata, yambitsani nazale pa tchalitchi. Mpingo ukafuna kumanga, ufunse kumene nkhuni ndi mchenga zachokera.

Makolo anati mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi. Inu achibale amene mwawerenga, muwerengereni amene alibe foni. Ambuye atipatse mitima yomvera. Amen.