ZA ABALE ATHU A KUTSIDYA KWA RUO



Ambiri a ife ogwira nchito m'minda ya tiyi ya Thyolo ndife Alomwe, ndipo makolo athu anaoloka Ruo pothawa nkhanza za Apwitikizi. Chifukwa chache mlandu wa ku Mozambique suli wachilendo kwa ife, ndimo tifuna kuti ukambidwe pa msonkhano ukudzawu.

Pamene FRELIMO inalandira dziko pa 25 June 1975, tinakondwera nao. Koma akulu ache anali atazolowera ku nkhondo kuti wotsutsa mau a mtsogoleri ndiye mdani; ndipo mu 1977, podzitcha chipani cha Marx ndi Lenin, mwambo wa kuthengo unasanduka lamulo la Boma. Ife tiyesa kuti muzu wa zonse uli pamenepa.

Taonani Mbusa Uria Simango, wachiwiri wa Eduardo Mondlane. Mondlane ataphedwa mu 1969, Simango anasiyana maganizo ndi anzache, nachotsedwa m'chipani. Mu 1974 anagwidwa m'dziko lathu lino naperekedwa m'manja mwao, chinthu chotichititsa manyazi. Mu 1975 anamuimika pamaso pa khamu ku Nachingwea, m'Tanzania, kuti adzinenere yekha zolakwa. Pambuyo pache anamtengera ku M'telela, m'dziko la Niassa, pamodzi ndi Joana Simeão, Lázaro Nkavandame ndi Paulo Gumane. Onsewa anaphedwa mseri, ndi Mai Celina Simango omwe, popanda bwalo loyera, ndipo ana sanalire maliro pa manda a makolo ao.

Tsono inu Mafumu, mverani ichi. Boma lija linati mafumu onse anali akapitao a Apwitikizi, ndipo linawachotsa. Nzoona kuti ena anasonkhetsa msonkho nagwira anthu kukalima mokakamizidwa. Ife odziwa thangata sitingakane. Koma pochotsa oipa ndi abwino omwe, midzi inatsala yopanda woweruza milandu ya minda, yopanda wotsira nsembe ya mvula. Ndimo RENAMO, yopatsidwa mfuti ndi Rhodesia ndi South Africa, inapeza mafumu okwiya nilowera pa iwo. Sitiyeretsa RENAMO, imene inatentha midzi ndi kudula anthu makutu. Tingonena amene anaitsegulira khomo.

Mu 1983 Boma linasesanso osowa nchito a ku Maputo ndi Beira, nilikawataya ku Niassa. Nkhondo itakula, othawa okwana ngati miliyoni imodzi analowa m'Malawi. A ku Nsanje ndi Mulanje anawaona ndi maso. Mtendere unalembedwa ku Rome pa 4 October 1992, ndipo mu 2000 Boma lomwe lija linabvomerezanso mafumu.

Chotero tipempha Mfumu iri yonse ifunse m'midzi mwache ndi m'makomboni maina a abale amene anatengedwa kutsidya osabwerera, ndi chaka chimene anatengedwa, niibweretse kwa Mlembi tsiku la msonkhano, kuti alembedwe m'buku la Bungwe okalamba owakumbukira asanathe.