Chombo chikafa injini, kodi chimaima?

Lero ndikufuna kuulula cholakwa changa, mwina wina atolapo kanthu.

Lachisanu lililonse tikaweruka, ine ndi ana asanu ndi awiri a Fomu 3 timatsalira m'kalasi n'kumasewera Traveller. Awa ndi masewera a patebulo amene Marc Miller adatulutsa ku America mu 1977. Safuna magetsi kapena kompyuta, koma pepala, pensulo ndi madayisi awiri basi. Mwana aliyense amayerekeza kukhala wantchito m'chombo cha mumlengalenga: wina woyendetsa, wina woombera, wina makaniko. Ine ndimakhala refa, ndipo pakabuka mkangano ndimagamula. Malamulo a nkhondo ya zombo ndi ataliatali, Chingerezi chakenso n'chovuta, choncho ndidawafupikitsa m'masamba awiri a kope.

Sabata yatha anawa adagawana magulu awiri, ndipo chombo cha gulu lina chidaomberedwa injini. Anyamata a gulu linalo adakuwa kuti chaima, tiyeni tichimalize. Mtsikana amene amachiyendetsa adakana. Adati, "Aphunzitsi, mumlengalenga mulibe mpweya ngakhale msewu. Chachiimitsa n'chiyani? Chizingopita pa liwiro lomwelo mpaka mfuti zawo zilephere kuchipeza." Tidayang'ana m'kope muja, koma mfundoyo ndidaisiya pofupikitsa. Dzuwa linali litapendeka, ena amafunika kukathandiza makolo kusankha fodya, ndiye ndidagamula mwachangu kuti chaima, ngati lole yofera pamsewu wa M1. Mtsikanayo adangoika pensulo pansi, osayankhulanso.

Usiku umenewo tulo tidandivuta. Ndine ndemwe ndidawaphunzitsa lamulo loyamba la Newton, lakuti chinthu choyenda chimayendabe ngati palibe mphamvu yochiimitsa. Buku lenileni la masewerawa la mu 1977 limatero ndithu: ulendo wa chombo umajambulidwa ngati muvi, ndipo muviwo umapitirira mpaka mphamvu ina iusinthe. Mwanayo adakhoza pawiri, ine n'kumulakwitsa chifukwa cha changu.

Mkangano wotere si wachilendo. Mu 1981 kudali mpikisano wa Traveller ku California, wotchedwa Trillion Credit Squadron. Aliyense amapatsidwa ndalama zoyerekeza zokwana 1 thiliyoni kuti apange gulu la zombo zankhondo. Douglas Lenat wa ku yunivesite ya Stanford adalowetsa malamulo onse m'pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Eurisko. Iyo idapanga zombo zambirimbiri zoyenda movutikira, zimene anthu adaziseka, koma zidapambana. Mu 1982 eni mpikisano adasintha malamulo, Eurisko n'kupezanso mpata: kuphwanya zombo zake zomwe zikangoonongeka, kuti zisachedwetse zinzake. Idapambananso. Eni mpikisano adaopseza kuti authetsa, ndipo Lenat sadapikisanenso.

Ndikuona zinthu ziwiri pamenepa. Choyamba, amene wawerenga lamulo mosamala kuposa anzake si wakuba. Kuno ku Kasungu kuba timakudziwa. Munthu akabisa fodya woipa pakati pa belo n'kupita nalo ku okushoni ku Chinkhoma, waswa lamulo mobisa. Lenat ndi mtsikana wanga uja adachita zawo poyera, aliyense akuona. Chachiwiri, mawu a lamulo paokha sakwanira. Ndi mkulu wankhondo uti angaphe asilikali ake chifukwa chombo chabooka? Malamulo amalola, koma nkhani imene masewerawo amayerekeza idafera pomwepo. Kusiyana kwake n'kwakuti Eurisko idatsata mawu n'kutaya cholinga, pamene mtsikana uja adatsata cholinga pomwe mawu adali chete.

Mnzanga wina mu staff room akuti refa akanena wanena, kupanda kutero ana onse asanduka maloya. Ndikumvetsa, masewera sangayende ngati tikangana pa dayisi iliyonse. Koma ngakhale pabawo, anthu ochokera madera osiyana amayamba agwirizana kaye za kasewereredwe asanagwire nkhomo. Sasintha lamulo pakati poona kuti wina akuwadya.

Ndiye kuyambira pano ndizitere. Lamulo likakhala chete, tizifunsa kuti m'mlengalenga mwenimweni chikadachitika n'chiyani. Refa agamule kuti masewera apitirire, koma anene poyera kuti chigamulocho n'chongogwirizira. Tikamaliza tikhale pansi tonse, tilembe lamulolo m'kope, ligwire aliyense mofanana.

Chikundiwawa kwambiri si masewerawo ayi. Ndi kangati, aphunzitsi anzanga, tidathetha yankho la mwana chifukwa silikufanana ndi marking scheme, chonsecho njira yake ndi yolondola? Mwana wotere akaika pensulo pansi kawiri katatu, amaphunzira kuti kuganiza kulibe phindu, bola kuloweza. Akakhala mtsikana amene walimba mtima kutsutsa anyamata ndi mphunzitsi yemwe, kuluza kwake n'kwakukulu.

Lachisanu likubwerali ndikapepesa pamaso pa onse, ndipo tikayambiranso pomwe injini idafera paja. Inu amene ndidakuphunzitsani, ngati ndidakuchitanipo zotere, ndiuzeni. Sindikwiya.