Ma earbuds a ANC: kawayesereni pafupi ndi chigayo

Zilembo zitatu, ANC, zikangooneka pa bokosi la ma earbuds, mtengo umadumpha. Wogulitsa naye amasintha mawu: "Awa ndiye eniakewo achimwene, mukavala simumvanso kanthu, dziko lonse zii." Ambiri amene mwakhala mukundifunsa za tizipangizo timeneti mukufuna zii ameneyo, ndiye ndinene poyambirira pomwe kuti kulibe. Pa otchipa kulibe, pa odula kulibenso. Chimene ANC imachita n'chabwino ndithu, koma n'china, ndipo amene wachidziwa sataya ndalama zake.

Tiyambe ndi phokoso lathu lomwe lino la pa Chitakale. Imani pa siteji m'mawa, mutchere khutu. Muona kuti phokosolo si limodzi. Lilipo lapansipansi losadukiza: injini za maminibasi odikira kudzaza, malole odutsa mumsewu wa M2 kulowera ku Muloza, jenereta ya pa shopu magetsi akathima, chigayo. Ndiye lilipo lina lodumphadumpha: anyamata oitanira akukuwa "Limbe! Limbe!", hutala, akabaza akulimbirana kasitomala, mwana akulira kumbuyo kwa mayi ake. ANC imalimbana ndi loyambalo. Lachiwirili imangolipepuza pang'ono, mwinanso osalikhudza n'komwe.

Chifukwa chake chili m'mene imagwirira ntchito. Phokoso ndi mafunde a mpweya: umakankhika, n'kubwerera, n'kukankhikanso mpaka kufika m'khutu. Kachipangizo ka ANC kali ndi kamaikolofoni kunja kwake. Kakamva funde likubwera, kakompyuta kam'kati kamapanga funde lina lofanana nalo koma lotembenuza, loti pamene lakunja likukankha, ilo likukoka. Awiriwa akakumana m'khutu amafafanizana. Koma kuti zitheke, funde lopangalo liyenera kufika pa nthawi yake yeniyeni. Kulira kwa injini n'kosavuta: mafunde ake ndi aatali ndipo amabwera chimodzimodzi, ngati mtondo wa munthu mmodzi. Mawu a munthu ndi hutala mafunde ake ndi aafupi, amasinthasintha, kachipangizoko kamatsalira m'mbuyo.

Mbiri yake yomwe ikuchitira umboni. Paul Lueg wa ku Germany analandira chiphaso cha nzeruyi ku America mu 1936, koma zipangizo za nthawi imeneyo zinali zisanafike poigwiritsa ntchito. Mu 1978 Amar Bose, mwini wa kampani ya Bose, anakwera ndege n'kulephera kumva nyimbo chifukwa cha kulira kwa injini, ndipo anayamba kuwerengetsera momwe angalithetsere. Mu 1986 Dick Rutan ndi Jeana Yeager, amene anazungulira dziko lonse osatera pa ndege yotchedwa Voyager, anavala mahedifoni oyesera a Bose, ndipo mu 1989 kampaniyo inayamba kuwagulitsa kwa oyendetsa ndege. Mukuona? Chinthuchi chinapangidwira injini, osati apongozi olongolola. Apple itatulutsa AirPods Pro mu 2019 lusoli linafala m'tizipangizo tating'ono, ndipo lero oraimo, Soundcore, QCY ndi Redmi ali nato totsika mtengo. Ngati mumayenda ulendo wa ku Limbe kawirikawiri, kaya kudzera Midima kaya ku Thyolo, mutakhala pamwamba pa injini ola lathunthu ndi kupitirira, inu ndi amene ANC inapangidwira.

Tsopano misampha, chifukwa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Waukulu kwambiri ndi zilembo zina zitatu, ENC. Zimafanana ndi ANC pakuoneka, ndipo bokosi limatha kungolemba kuti "noise cancellation" m'zilembo zikuluzikulu, ENC ija ili pansi m'tizilembo tofuna magalasi. ENC imayeretsa mawu anu poimba foni kuti amene ali mbali inayo akumveni bwino. Amene amapindula ndi iyeyo. Inu phokoso la injini mulimva lonse monga kale. Si chinthu choipa, ndipo ochita bizinesi pafoni amachifuna, koma musachilipire mtengo wa ANC. Ngakhale m'banja limodzi mumakhala kusiyana: FreePods 4 a oraimo ali ndi ANC, pamene FreePods Lite alibe. Dzina nalo limasocheretsa. Redmi Buds 4 Active ali ndi mawu oti Active, koma ANC mulibe. Funani mawu onse atatu, Active Noise Cancellation, olembedwa motsatizana.

Za manambala a dB amene amalembedwa pa bokosi, 30, 42, 50, sindizitengera kwenikweni. Nambalayo ndi ya pamene kachipangizoko kanachita bwino koposa, pa mtundu umodzi wa phokoso, m'chipinda choyesera cha kampaniyo. Kampani iliyonse imayeza mwa njira yake, ndiye 42 wa uyu akhoza kuposa 50 wa uyo. Mawu amene ali ndi phindu ndi oti hybrid. Amatanthauza kuti timaikolofoni tilipo kunja ndi m'kati momwe, kam'katiko kakumvetsera zimene zatsala n'kukonza. Mitengo ikayandikana, tengani a hybrid.

Chimene anthu amachinyoza, chonsecho ndicho chimagwira theka la ntchito, ndi timphira takumapeto tija. Phokoso lodumphadumpha limene ANC imalephera, chimalitchinga ndi kamphira kokwana bwino m'khutu, monga mmene chala chimachitira mukatseka khutu. Kamphira kakakhala kakang'ono, mpweya umadutsa m'mbali, besi imathawa, ANC nayo imafooka. Ndiye tsegulani bokosi muone ngati muli timphira ta masaizi atatu, ndipo yesani tonse. Musadabwe khutu lamanja likafuna saizi yosiyana ndi lamanzere, zimachitika. Aja olimba opanda mphira, ongokoleka pakhomo pa khutu, akakhala otchipa n'kulembedwa ANC, ine ndimangowadutsa. Khomo lili pululu, ungatchinge bwanji mphepo?

Kuyesa kwenikweni n'kosavuta, ndipo pa Chitakale tili ndi malo oyesera abwino kuposa mashopu oziziritsa a m'tauni. M'shopu ya phee ma earbuds alionse amaoneka anzeru. Pemphani wogulitsa kuti mutuluke nawo limodzi pakhonde, pafupi ndi minibasi yolira kapena chigayo. Valani, koma nyimbo musayatse. Apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa: wogulitsa amakuikirani amapiano mokweza, inu n'kuona ngati phokoso latha, chonsecho nyimbo yangolikwirira. Popanda nyimbo, yatsani ANC, muthimitse, muyatsenso. Ikakhala yeniyeni mumva kulira kwa injini kukutsika ngati minibasi yasunthira kutali, ena amamvanso ngati makutu atsekeka pang'ono monga zimachitikira pokwera phiri. Ikakhala yabodza mumva kamawu kachizungu kakulengeza kuti ANC yayaka, koma injini ili pomwepo. Kamawuko n'kotchipa kupanga.

Mukadali pomwepo, imbirani mnzanu mumufunse ngati akukumvani. Bwezerani kamodzi m'kabokosi muone ngati kotsalako kakugwira kokha, kenako musinthe. Siyani foni pa kauntala muyende masitepe khumi, nyimbo isaduke. Wogulitsa wokana zonsezi, amene akuti "bokosi silitsegulidwa bwana", mufunseni ngati ali ndi ena otsegula kale oyesera. Akati alibe, ndalama ndi zanu, miyendo ndi yanunso.

A feki ndiye adzaza, makamaka ofanizira AirPods Pro. Bokosi loyera bwino, chizindikiro chilipo, ena mpaka amatulutsa kachithunzi pa iPhone ngati enieni. Mtengo ndi umene umaulula: chinthu chimene ku Johannesburg kapena ku London chimadula kuposa foni yanu sichingapezeke pa tebulo pa mtengo wa nkhuku ziwiri. Kwa ine, kuli bwino kugula dzina laling'ono lenileni kusiyana ndi dzina lalikulu lonamizira, chifukwa wopanga feki ndalama zake amathera pa bokosi. Njira ina yogwirira wabodza ndi app. Makampani ngati oraimo, Soundcore, QCY ndi Xiaomi ali ndi ma app awoawo pa Play Store. Tsitsani musanapite kogula, pamene bandulo ilipo, ndipo mukalumikiza muone ngati app ikuwazindikira ndi dzina lawo. Mu app momwemo ndi mmene mumasinthira mphamvu ya ANC ndi kamvekedwe ka besi.

Pali chifukwa china chimene ndimaikira kumbuyo ANC yeniyeni, ndipo n'chachikulu kuposa kukoma kwa nyimbo. Ndi makutu anuwo. M'minibasi munthu amakweza voliyumu kuti nyimbo ipose injini, ndipo amakweza osazindikira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo choonongeka makutu chifukwa cha kamvedwe kotere. Muyezo wake ndi uwu: pa madesibelo 80 munthu wamkulu angamvere maola 40 pa sabata, koma pa 90 maolawo amatsika kufika pa 4 okha. Timaselo tam'kati mwa khutu timene timamva mawu tikafa sitimeranso, ndipo sitifa ndi ululu woti ungakuchenjezeni. Chizindikiro chake ndi kaphokoso kolira m'khutu usiku mukagona, kapena kuyamba kufunsa anzanu kuti "mwati bwanji?" pagulu. Injini ikatsitsidwa ndi ANC, nyimbo imamveka bwino voliyumu ili pakati, ndipo WHO imalangiza kusapitirira 60 pa 100 alionse. ANC yabodza imakusiyani mukukweza monga kale, mutalipiranso zambiri.

Koma chomwecho chimene chimathandiza m'minibasi chikhoza kukupweteketsani pamsewu. Lole yochokera kumbuyo imalira ndi phokoso lapansi lija, lomwe ANC imadziwa kufafaniza. Poyenda m'mbali mwa M2 kapena podumpha pa mphambano yolowera ku Likhubula ndi ku Phalombe, thimitsani, kapena ikani pa transparency, imene imalowetsa mawu akunja, kapena ingovulani kamodzi. Achimwene anga a kabaza, inu ndiye ayi ndithu, makutu ndi galasi lanu lachitatu. Ndipo pa njinga yamoto ANC siithandiza n'komwe: mphepo ikamaomba timaikolofoni takunja mumangomva phuu ngati wina akuuzira m'khutu.

Za batire, werengani mosamala. Maola 30 kapena 40 olembedwa pa bokosi ndi ophatikiza ndi kabokosi kotchajira, ndipo kawirikawiri amawerengera ANC ili yothima. Nambala yofunika ndi ya maola amene tizipangizoto timakhala patokha ANC ikuyaka, ndipo imakhala yotsikirapo. Kuno kumene magetsi amatha kuchoka tsiku lonse, kabokosi kosunga moto wambiri n'kofunika, ndipo kakhale ka USB-C kuti chingwe chikhale chimodzi ndi cha foni. Timabatire tam'katimo sitisinthidwa, tikatopa ndiye kuti zonse zatha. N'chifukwa chake ogwiritsidwa kale ntchito sindiwalimbikitsa, ngakhale dzina likhale lalikulu bwanji. Simudziwa kuti batire latsala ndi moyo wotani, osanenanso zoti anali m'khutu mwa munthu wina.

Ndiye mvula. Ku Mulanje kuno tiyi samera mwangozi, ndipo chiperoni chikatsika m'phiri chimanyowetsa munthu osazindikira. Funani chizindikiro cha IPX4 kapena IPX5. IPX4 imapirira thukuta ndi mvula yowaza, IPX5 imapirira madzi othira mwamphamvuko. Zonsezi si zosambira nazo pa Dziwe la Nkhalamba. Kabokosi kotchajira nthawi zambiri kalibe chitetezo chimenechi, ndiye pukutani tizipangizoto musanatibwezeremo.

Si aliyense afunika ANC. Ngati mumamvera nyimbo kunyumba, kumunda kapena powerenga usiku, ndipo chokusokonezani ndi macheza a anthu, ma earbuds wamba a timphira tokwana bwino akuchitirani zomwezo pa mtengo wotsika, chenji mugule bandulo. Okonda mpira pa wailesi musatayenso a chingwe aja: mafoni ambiri amagwiritsa chingwecho ngati mlongoti wa FM, ndiye tsiku la Maule ndi Manoma mudzawafuna.

Mitengo sindilemba pano. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wochokera kunja sakhala pa mtengo umodzi nthawi yaitali, ndipo nambala ya lero ikhoza kukunamizani mwezi wamawa. Funsani malo atatu, pano, pa boma ndi ku Limbe ngati muli ndi ulendo, pa dzina ndi nambala ya mtundu womwewo. Pogula, wogulitsa alembe pa lisiti dzina lonse la katunduyo, tsiku, ndi masiku amene mungabweze akavuta. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, koma popanda lisiti nkhani yanu imasanduka ya pakamwa. Kwa ogulitsa a pa Facebook ndi WhatsApp, ndalama ya Airtel Money kapena Mpamba izituluka katundu ali m'manja mwanu, mutamuvala, injini ikulira pambali.