Ndege ili ndi nambala, wosenza mafuta alibe dzina

Januwale kuno ku Mchinji ndi mwezi wa matope ndi ngongole. Chimanga chafika m'mawondo, feteleza wachiwiri sanapezeke, ana akufuna fizi, akabaza akuterereka pa msewu wa ku Mkanda. Koma mwezi womwewu, uko ku Britain, ku Germany ndi ku America, kuli anthu amene amakhala pansi n'kulemba mapulani awo a chaka. Wina akuti chaka chino apita ku National Archives ku Kew kukajambula mabuku amene oyendetsa ndege ankalembamo maulendo awo. Wina akuti amaliza kandege koyerekezera ka BE2c kamene kakhala pa tebulo kuyambira chaka chatha. Wina akulonjeza kutumiza nkhani ku magazini ya Cross & Cockade. Ndi anthu okonda mbiri ya ndege za pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918. Ambiri mwa iwo si mapulofesa. Ndi anthu opuma pantchito, amakaniko, aphunzitsi, ndipo palibe amawalipira.

Nditamuuza mnzanga wina za anthu amenewa, tili pa chiwaya pa boma, anaseka mpaka kutsamwa ndi tchipisi. "Aise, amenewo ndi mavuto a anthu okhuta. Munthu wadya soseji m'mawa, ndiye ayambe kuwerenga misomali ya ndege ya 1916. Ifeyo tidya mbiri?"

Ndinaseka nawo, sindikana. Koma kuseka kumeneku kwanditopetsa. Azungu okonda ndegewo mlandu ali nawo, ndipo ndiunena. Koma mlandu waukulu uli pakhomo pathu pano.

Tiyambe ndi chiwaya chomwecho. Kwa ife chiwaya ndi chokazingira tchipisi. Kwa makolo a agogo athu chiwaya inali mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza, ndipo nkhondo ya 1914 ankaitcha nkhondo ya Chiwaya. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Melvin Page, wa ku America, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College, anayenda m'dziko muno ndi ophunzira ake kufunsa okalamba amene anaiona nkhondoyo. Buku lake, The Chiwaya War, linatuluka mu 2000. Akatswiri a mbiri amati amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland anagwira ntchito ya mtengatenga pa nkhondoyo, pamene dziko lonse linali ndi anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Werenganinso nambala imeneyo. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo, ankachita kugwidwa kudzera mwa mafumu ndi amesenjala a boma. John Chilembwe anali atalemba kale kalata yodandaula mu Novembala 1914, kufunsa chifukwa chimene anthu akuda ankafera nkhondo imene sinali yawo. Pa ndalama timamuona tsiku lililonse, koma ndi angati a ife amene tinawerengapo kalatayo?

Mwina mukufunsa kuti ndege zikulowa pati. Zikulowa, chifukwa nkhondo imene makolo athu anasenzera katundu inali ndi ndege zake. Sitima yankhondo ya Majeremani, Königsberg, itabisala pamene mtsinje wa Rufiji umathira m'nyanja yamchere, ndege ndi zimene zinkaiyang'anira kuchokera m'mwamba, n'kumauza owombera mizinga ngati alasa kapena aphonya, mpaka inamira mu Julaye 1915. Kumayambiriro kwa 1916 gulu la 26 Squadron la Royal Flying Corps, lodzaza ndi anyamata a ku South Africa, linafika ku Mombasa ndi ndege zake. BE2c inali ndege ya matabwa, nsalu ndi mawaya, ndipo dzuwa ndi chinyezi cha kuno sizinkaichitira chifundo. Ntchito yake yaikulu inali kusaka m'tchire kumene General Paul von Lettow-Vorbeck ndi asilikali ake alowera.

Nkhani imene okonda ndege amaikonda kwambiri ndi ya Zeppelin L 59, chibaluni chachikulu chokhala ndi mainjini. Pa 21 Novembala 1917 chinanyamuka ku Yambol m'dziko la Bulgaria ndi katundu wolemera matani pafupifupi 15, zipolopolo, mfuti ndi mankhwala, kupita nazo kwa Lettow-Vorbeck ku Tanzania wa lero. Sankayembekeza kuti chibwerera, mapulani anali akuti chikafika achiphwasule, nsalu yake asokere matenti. Chitafika chakumadzulo kwa Khartoum chinalandira uthenga woti chibwerere, ndipo chinatera ku Yambol pa 25 Novembala, chitakhala m'mwamba maola 95 ndi kuyenda makilomita pafupifupi 6,800. Tsiku lomwelo Lettow-Vorbeck anali akuwoloka mtsinje wa Ruvuma kulowa mu Mozambique, ndipo nkhondo inapitirira chaka china chathunthu, mpaka anakapereka zida ku Abercorn, Mbala wa lero ku Zambia, pa 25 Novembala 1918.

Nkhani yokoma, eti? Tsopano tengani foni yanu mutsegule kakyuleta. Mtengatenga mmodzi ankasenza katundu wa makilogalamu pafupifupi 25. Matani 15 aja ndi mitu ya anthu 600. Basi. Chibaluni chimene chalembedwa m'mabuku ambirimbiri chinanyamula katundu wa anthu 600, ndipo katunduyo sanafike n'komwe. Anthu 200,000 a kwathu kuno, pamodzi ndi abale athu a ku Fort Jameson tsidya ilo, anasenza mpunga, ufa, zipolopolo ndi mafuta kwa miyezi ndi miyezi, opanda nsapato, akudwala kamwazi, ndipo katundu wawo ankafika. Asilikali a General Edward Northey, amene anachokera ku malire a Nyasaland ndi Rhodesia mu 1916, sakanayenda ngakhale sabata imodzi popanda mitu imeneyi.

Mlandu wa okonda ndege uli pamenepa. Adzakuuza nambala imene inalembedwa pa mchira wa ndege, mtundu wa injini, dzina la woyendetsa, sukulu imene anaphunzira, tsiku limene anadwala malungo. Atha kukangana mwezi wathunthu za mtundu wa penti. Koma yang'ana chithunzi chimene akukanganirana: kumbuyo kwa ndege kwaima amuna khumi akuda, ena agwira phiko, ena akukankha, ndipo pansi pa chithunzi alemba dzina la mzungu yekha, enawo ndi "natives". Ndege ya nthawi imeneyo sinkatera paliponse. Pamafunika anthu odula mitengo, ozula zitsa, ogumula zulu ndi makasu. Mu 1919 Angerezi pokonza njira ya ndege yochoka ku Cairo kukafika ku Cape Town, mabwalo a ku Abercorn, Ndola, Broken Hill ndi Livingstone analambulidwa ndi manja a anthu akumeneko. Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand atafika ku Cape Town mu Malichi 1920, pa ulendo umene anauyamba ndi ndege ya Silver Queen, analandira ulemu wa "Sir". Ogumula zulu aja anabwerera kumudzi.

Si ine ndekha wonena izi. Mu Epulo 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera lokha kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondo yoyambayo, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a iwo a kum'mawa kwa Africa ndi Egypt, sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu. Anapepesa. Zinawatengera zaka zoposa 100.

Chabwino, tawanena. Tsopano tidziyang'ane tokha.

Agogo anga aakazi ankakonda kusimba za bambo awo, amene anali ndi dazi lachilendo pakati pa mutu. Ankati dazilo silinali la ukalamba. Bambo awowo anatengedwa ali mnyamata kupita "ku Jeremani", kumene ankatanthauza dziko la Majeremani kumpoto kwa nyanja, ndipo katundu wawo anali zitini za mafuta. Chitini china chinkadontha. Mafuta ankalowa mu nkhata, n'kuwotcha khungu, tsiku ndi tsiku, mpaka tsitsi silinamerenso. Nkhaniyi ndinaimva kambirimbiri, tikusenda mtedza pakhonde. Ankati akayamba, ine ndinkati, "Agogo, imeneyo munanena kale." Sindinafunsepo kuti ananyamukira pati, anadzera njira iti, anapita ndi ndani wa m'mudzi muno, amene sanabwerere ndi ati. Sindinafunse ngati mafutawo anali a galimoto kapena a ndege. Agogo anamwalira mu 2019, ine ndili ku yunivesite, ndikulemba mayeso a momwe munthu amachitira kafukufuku. Foni yanga inali ndi malo a mavidiyo oseketsa mazanamazana. Mawu awo mulibemo ngakhale mphindi imodzi.

Ndiye ndikamva mnzanga akuti kufufuza zakale ndi kwa anthu okhuta, ndimamva ngati akundipatsa pobisala, ndipo pobisalapo sindipafuna. Umphawi ulipo, ndikuudziwa, digiri yanga ili mu envulopu pansi pa matiresi. Koma si umphawi umene unanditseka pakamwa pakhonde paja. Kujambula mawu pa foni sikudya bandulo. Ndipo tisanamizane kuti tilibe nthawi kapena mutu wosunga tinthu ting'onoting'ono. Mnzanga yemweyo atha kukutchulira osewera onse a Arsenal a 2004, ndi amene ankakhala pa benchi omwe. Timakangana usiku wonse pa WhatsApp za mpira wa ku London. Mtima wa munthu wowerenga misomali ya ndege tili nawo ndithu, kungoti tinaupereka kwa eni ena.

Funsani achinyamata khumi pa depoti kuti Mchinji ankatchedwa chiyani kale. Ena adzayankha bwino kuti Fort Manning, poti zinabwera pa mayeso. Afunseni kuti Manning anali ndani, ndipo linga la asilikali linkafuna chiyani kuno. William Manning anali msilikali wa Angerezi, ndipo dzina lake linabwera kuno nthawi ya nkhondo yolimbana ndi Angoni a Mpezeni, imene inathera mu 1898 ndi kuphedwa kwa Nsingo, mwana wa Mpezeni. Patangopita zaka 16, ana a anthu ogonjetsedwawo anayamba kusenzera katundu owagonjetsa. Timawoloka pa Mwami kupita ku Nc'wala mu Febuluwale, timajambulitsa ndi zikopa ndi nthungo, timaika pa Facebook. Zonsezo n'zabwino. Koma chithunzi si kafukufuku.

Pali chinanso chimene chimandiwawa. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali, Dornier 228, inagwa ku Chikangawa, n'kupha wachiwiri kwa pulezidenti Dr Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu. Sabata imeneyo tonse tinasanduka akatswiri a ndege. Inapangidwa liti? Inakonzedwa liti komaliza? Mabuku ake ali kuti? Ndani analemba chiyani, nthawi yanji? Amenewo ndi mafunso enieni amene anthu timawaseka aja amafunsa za ndege za 1916, Loweruka lililonse, popanda maliro. Chizolowezi chofunsa pepala, kuyerekeza tsiku ndi tsiku linzake, kukana kukhulupirira chinthu mpaka mboni ziwiri zigwirizane, sichiphunziridwa tsiku la tsoka. Ife tinalibe chizolowezicho, ndiye ambiri tinangotsala ndi mavoisi noti otumizirana.

Wina anena kuti ntchito imeneyi ndi ya boma ndi mayunivesite. Inde, ndi yawo, ndipo aziichita. Koma zambiri zimene zikudziwika za ndege zakalezo sizinasonkhanitsidwe ndi boma lililonse. Anasonkhanitsa ndi anthu wamba, amene anathamangira okalamba awo asanamwalire, kuwalembera makalata, kubwereka zithunzi, kukopera mabuku ndi manja. N'chifukwa chake woyendetsa ndege wawo ali ndi dzina. Ife amene anaona nkhondo ya Chiwaya ndi maso anatha kalekale. Otsala ndi ana awo, a zaka 80 ndi 90, ndipo dzinja lililonse likutichotsera ena.

Choncho nanenso ndalemba mapulani a chaka, monga azungu aja, mu kope la masamba 40 limene ndagula pa golosale. Ndikufuna kupeza okalamba osachepera khumi, kuyambira kwa Mlonyeni, kwa Zulu mpaka kwa Mkanda, amene bambo awo kapena amalume awo anapita ku mtengatenga, ndijambule mawu awo, ndilembe dzina la wosenza aliyense, mudzi wake, ndi ngati anabwerera. Ndikagulitsa soya ndikwera basi wa ku Zomba, ndikakhale masiku angapo ku National Archives ndi mafayilo a Fort Manning, ndikaonenso chipilala cha King's African Rifles chimene ndakhala ndikungochidutsa. Mafunso ndi mayankho amene Page anasonkhanitsa anasindikizidwa mu 2021 m'buku la Chiwaya War Voices, ndipo ndikufuna kuwerenga ndione amene analankhula kuchokera chigawo chathu chino. Zikatheka ndidzalembera okonda ndege aja kalata, mwaulemu, kuwapempha kuti pa zithunzi zawo za kum'mawa kwa Africa andiuze malo ndi tsiku, poti zimenezo amazidziwa bwino kuposa wina aliyense. Iwo ali ndi theka la nkhani, ife tikhoza kukhala ndi theka linalo.

Woyamba ndi mchemwali wa agogo anga, amene amakhala kupitirira Kamwendo. Makutu ayamba kuvuta, ndiye ndiyenera kukuwa. Ndawatumizira uthenga kudzera kwa amalume kuti ndikubwera Loweruka ndi shuga ndi sopo, ndipo ayankha kuti ndifike m'mawa, masana amagona. Mnzanga wa pa chiwaya uja wavomera kundiperekeza pa njinga yake yamoto, bola mafuta ndithire ine.